Njira za Mapazi ndi Misewu ya Boma: Mbiri ya Kayendedwe ka Anthu ku Chipata ndi ku Nabvutika

Mzinda wa Chipata, umene ndi likulu la chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia, uli m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka, ndipo kwa nthawi yaitali wakhala ukudziwika m'dziko lonselo monga kwawo kwa njinga zakapalasa. M'mawa uliwonse pa misewu yochokera ku Lundazi, ku Mfuwe, ku Chadiza ndi ku Mwami anthu ambiri amalowa m'tauni wapansi kapena pa njinga, atanyamula makala, nkhuni, tomato, mbatata, nkhuku ngakhalenso mbuzi. Komabe mbiri ya misewu ya mzindawu, kuyambira pamene unakhazikitsidwa mu 1899, ikusonyeza kuti ndalama ndi nzeru za boma zakhala zikupita kwambiri ku misewu yotulutsira katundu ndi yoyendamo magalimoto, pomwe njira za anthu ambiriwo zakhala zikusiyidwa kuti eni ake azipange okha ndi mapazi ndi makasu. Zotsatira za mbiri imeneyi zimaoneka bwino ku Nabvutika, imodzi mwa makomboni akuluakulu a Chipata, yomwe ili m'munsi mwa mapiri kumalire a mzindawu. Komboni, monga momwe mawuwa amagwirira ntchito ku Zambia, ndi malo okhala anthu ambiri mothithikana, kumene nthawi zambiri nyumba zinamangidwa boma lisanapime malowo kapena kudulamo misewu.

Azungu asanafike, dera limeneli linali kale ndi njira zake zambirimbiri. Achewa, amene ankalamulidwa ndi mafumu monga Undi ndi Mkanda, anali ndi njira zolumikiza mudzi ndi mudzi, mudzi ndi madimba, zitsime ndi manda, komanso njira zazitali za malonda zimene zinkatsikira ku Tete pa mtsinje wa Zambezi, kumene minyanga ya njovu inkasinthidwa ndi nsalu ndi mikanda. Mpwitikizi Francisco de Lacerda anadzera m'maiko a Achewa mu 1798 pa ulendo wake wochokera ku Tete kupita kwa mfumu Kazembe, ndipo Apwitikizi ena awiri, Monteiro ndi Gamitto, anayenda ulendo womwewo mu 1831 ndi 1832. Onsewa sanatsegule njira yatsopano, koma anatsata zimene anthu a m'dzikomo ankayendamo kale. Njira yotere inali yokwanira munthu mmodzi, choncho apaulendo ankayenda mondondozana, ndipo inkakhota pa chulu, pa mtengo wakugwa ndi pa chithaphwi, chifukwa munthu wosenza katundu pamutu amasankha pouma ndi posatsetsereka koposa pafupi. Panalibe mfumu imene inkalamula kuti njirayo ikhale pamenepo: inkakhalapo chifukwa choyendedwa, ndipo ikaleka kuyendedwa udzu unkaitseka m'dzinja limodzi. Apaulendo analinso ndi mwambo wawo wolondolerana, pakuti wotsogola akafika pa mphambano ankaika nthambi ya masamba kapena kujambula mzere pa njira imene sanalowe, kuti am'mbuyo asasochere. Angoni a Mpezeni atakhazikika m'derali cha m'ma 1870, anabweretsa midzi ikuluikulu ndi ng'ombe zambiri, ndipo makwalala a ng'ombe opita ku madambo anawonjezera mtundu wina wa njira, wotakata kuposa wa anthu.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi nkhondo ya mu January 1898, pamene asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni, n'kupha Nsingo mwana wa Mpezeni ndi kulanda ng'ombe zikwizikwi. Chinayambitsa nkhondoyo chinali chikhulupiriro cha kampani ya North Charterland Exploration Company chakuti m'dziko la Mpezeni muli golide, ndipo kampaniyo inkati dzikolo ndi lake potengera pangano limene Carl Wiese ankati anachita ndi mfumuyo. Golide wochuluka sanapezeke, koma tauni inamangidwa, inapatsidwa dzina la Fort Jameson polemekeza Leander Starr Jameson, ndipo inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia pansi pa ulamuliro wa British South Africa Company, woyang'anira wake wodziwika kwambiri ali Robert Codrington. Likulu limeneli linali kutali ndi njanji iliyonse ndiponso kutali ndi mtsinje woyendamo sitima, kotero kuti chilichonse chimene Azungu ankafuna, kuyambira nsalu ndi mchere mpaka zida za ofesi, chinkabwera pamitu ya anthu kuchokera ku Tete kapena ku Nyasaland. Ngolo za ng'ombe sizikanathandiza pa maulendo aatali chifukwa cha ntchentche ya kashembe, imene imapha ng'ombe ndi akavalo m'zigwa zotentha monga cha Luangwa. Onyamula katunduwo ankatchedwa amtengatenga, ndipo mtolo wa munthu mmodzi unkalemera makilogalamu pafupifupi 25. Mzungu mwini wake ankanyamulidwa pa machila, ndiko kuti nsalu yolimba yomangidwa ku mtengo wautali umene amuna ankasenza pamapewa mosinthana.

Msonkho wa nyumba, umene unayamba mu 1901 pa mtengo wa masheleni atatu pachaka, ndiwo unkakankhira amuna ku ntchito ya utengatenga, popeza ndalama yolipirira msonkhowo inkapezeka kwa Azungu okha. Pamodzi ndi msonkho panabweranso lamulo lakuti mudzi uliwonse uzilambula gawo lake la msewu wa boma mvula ikatha. Apa m'pamene panayambira kusiyana kumene kudakalipo mpaka lero pakati pa njira ndi msewu: njira inali ya anthu ndipo inkapangidwa ndi kuyenda kwawo, pomwe msewu unali wa boma, unkalimidwa ndi makasu molamulidwa ndi amesenjala, ndipo unkalunjika kumene boma linkafuna kufika, osati kumene anthu ankapita tsiku ndi tsiku.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti misewu yoyambirirayo inakonzedwa poganizira njinga, pakuti galimoto inali isanafike. Njinga ya mawilo awiri ofanana yoyendera tcheni inapangidwa ku England ndi John Kemp Starley mu 1885, ndipo John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopera mpweya mu 1888, kotero kuti pamene Fort Jameson inkamangidwa njinga inali itafika kale pa maonekedwe amene ili nawo lero. Kwa akuluakulu a boma ndi amishoni, monga a Dutch Reformed Church amene anatsegula mishoni ya Magwero mu 1899 ndi ya Madzimoyo mu 1903, njinga inali chiweto chimene kashembe sangachilume, chosafuna msipu, ndiponso chotha kunyamulidwa paphewa powoloka mtsinje. Mu 1910 antchito awiri a boma la kampani, Frank Melland ndi Edward Cholmeley, anayenda pa njinga ndi wapansi kuchokera ku Northern Rhodesia mpaka ku Egypt, ndipo analemba buku lofotokoza ulendowo, chimene chikusonyeza mmene njinga inalili yodalirika kwa Azungu a nthawi imeneyo. Kuti bwana wa boma athe kupalasa pa ulendo wake wolemba msonkho, anthu a m'midzi ankazula zitsa, kusalaza zulu ndi kumanga maulalo a mitengo pa timitsinje. Motero ntchito yoyamba yokonza njira za njinga m'derali inagwiridwa mokakamiza, ndi anthu amene analibe njinga, pothandiza munthu mmodzi wodzawalembera msonkho, ndipo n'zosadabwitsa kuti kulambula msewu kunatenga nthawi yaitali kukumbukika monga chibalo osati monga chitukuko.

Mu 1911 North-Eastern Rhodesia inaphatikizidwa ndi North-Western Rhodesia, likulu linapita ku Livingstone, ndipo Fort Jameson inasanduka tauni ya alimi a fodya achizungu. Fodya ndiye anabweretsa malole, ndipo malole ndiwo anasintha tanthauzo la msewu. Boma la Britain litatenga ulamuliro kuchokera ku kampani mu 1924, ntchito yodula msewu wa Great East Road kuchokera ku Lusaka inagwiridwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ulalo woyamba pa mtsinje wa Luangwa unamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo ulalo umene ulipo lero unatsegulidwa mu 1968. M'zaka zomwezo za m'ma 1920 Angoni ndi Achewa ambiri anasamutsidwira ku malo osungirako anthu akuda, otchedwa marizevu, kuti malo achonde oyandikira tauni ndi msewu atsalire mafamu, ndipo ngakhale mtengo wa fodya unagwa mu 1928, mafamu ambiri n'kusiyidwa, anthuwo anakhalabe othithikana kumene anawaika. Zotsatira zake zinali zakuti munthu wamba anatalikitsidwa ndi msika pa nthawi yomwe msewu wa galimoto unkafika, ndipo mtunda umene unawonjezekawo ankaudula ndi miyendo.

Njinga inafika m'manja mwa anthu akuda kudzera ku ulendo wa kukagwira ntchito kunja. Amuna a m'boma la Fort Jameson ankayenda wapansi milungu ingapo kupita ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia, ena mpaka ku Joni, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 boma la Southern Rhodesia linayambitsa malole aulere onyamula ofuna ntchito, amene anthu ankangowatcha kuti Ulere. Wobwerera kumudzi ankayesedwa ndi zimene wabwera nazo, ndipo pa katundu yense njinga ya Raleigh, Humber kapena Hercules ndi makina osokera zinali patsogolo. Amwenye, amene anayamba kufika ku Fort Jameson mu 1905 kudzera ku Nyasaland, ankagulitsa njinga ndi zipangizo zake m'masitolo awo, m'dera limene lero limadziwika kuti Down Shops. Aphunzitsi, alaliki, amesenjala ndi makalaliki a makhoti a mafumu anali oyamba kukhala nazo, kenaka ogulitsa nsomba zouma, mchere ndi nsalu m'midzi. Boma silinachedwe kuona kuti pamenepa pali ndalama, ndipo pamene matumba a ndalama a mafumu anakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1930, laisensi ya njinga inali imodzi mwa njira zopezera ndalamazo, pamodzi ndi ya agalu ndi ya mfuti. Wokwera njinga anakhala wokhoma msonkho wa njinga yake kalekale, koma palibe msewu wa m'tauni umene unamangidwa momuganizira.

Tauni yeniyeniyo inamangidwa mogawa anthu potengera khungu. Azungu anali ndi dera lawo la mapoloti aakulu ndi misewu yotakata yobzalidwa mitengo m'mbali, Amwenye anali ndi dera la masitolo, ndipo anthu akuda ankakhala kuseri, m'nyumba za olemba ntchito kapena m'malo monga Kapata. Malamulo ankamuona munthu wakuda monga mlendo m'tauni, wobwera kudzagwira ntchito ndi chitupa chake n'kubwerera kumudzi ntchito ikatha, ndipo ngakhale lamulo la nyumba za anthu akuda m'matauni la mu 1948 linakakamiza olemba ntchito ndi makhonsolo kumanga nyumba, nyumbazo zinali za olembedwa ntchito okha. Munthu wodzigwirira ntchito yake, monga kalipentala, wofulula mowa, wosoka zovala kapena wogulitsa pamsika, analibe malo pa mapu a tauni, choncho analibenso msewu.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'matauni anatha, dzina la Fort Jameson linasinthidwa kukhala Chipata, ndipo anthu anachuluka mofulumira kuposa nyumba zimene khonsolo ikanatha kumanga. Makomboni monga Nabvutika, Mchini ndi Magazine anakula m'zaka zotsatira, pa malo amene mapulani a tauni anawasiya, makamaka m'mphepete mwa mapiri ndi mwa timitsinje. M'makomboni a ku Zambia poloti inkaperekedwa kawirikawiri ndi nyakwawa kapena ndi wapampando wa chipani wa m'deralo, amene ankayeza malo ndi mapazi n'kukhoma zikhomo, ndipo chimene wolandira malo ankafuna chinali pomanga nyumba, chimbudzi ndi kakhitchini, osati posiya msewu. M'dera lopimidwa ndi boma msewu ndiwo umayamba ndipo nyumba zimatsatira, koma mu komboni nyumba ndizo zimayamba, ndipo njira imakhala mpata umene watsala pakati pa mpanda wa uyu ndi chimbudzi cha uyo. Ngakhale zili choncho, kungakhale kulakwa kuganiza kuti njira zimenezi zilibe dongosolo, pakuti zimatsata mfundo yomwe ija ya njira zakale: zimalunjika ku mpopi, ku chigayo, ku msika, ku sukulu, ku tchalitchi ndi ku msewu waukulu, ndipo imene yakula kuposa zinzake ndi imene anthu ambiri aivomereza ndi mapazi awo. Lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act la mu 1974 linali loyamba kuvomereza kuti makomboni sadzachoka, ndipo linapatsa makhonsolo mphamvu yolengeza komboni kukhala dera loyenera kukonzedwa, okhalamo n'kupatsidwa chilolezo chokhalapo zaka 30. Lamulolo linachotsa mantha a kugwetseredwa nyumba, koma ndalama zokonzera misewu ndi ngalande zinapita makamaka ku makomboni a ku Lusaka, kumene World Bank inathandiza ntchito yotere m'zaka za m'ma 1970.

Mdani wamkulu wa njira za ku Nabvutika ndi madzi. Chipata amalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pachaka, yambiri mwa iyo pakati pa November ndi April, ndipo pamene mitengo ya m'mapiri inadulidwa chifukwa cha nkhuni, makala, minda ndi malo omangapo, madzi amene kale ankalowa pansi anayamba kutsika mothamanga. Madzi otsika phiri amafuna malo otseguka, ndipo mu komboni malo otseguka ndi njira yokha, kotero kuti njira iliyonse yoloza kuphiri imasanduka mtsinje mvula ikagwa. Chaka choyamba madzi amakokolola dothi lapamwamba n'kusiya miyala yosongoka, chaka chachiwiri amakumba kangalande pakati, ndipo pakapita zaka zingapo pamakhala chigwembe chofika m'chiuno, chimene anthu amawoloka pa thabwa kapena pa mtengo. Eni nyumba amadzaza mchenga m'matumba a feteleza n'kuwasanja pakhomo kuti madzi asalowe, koma potero amangowakankhira kwa mnansi wa kumunsi, ndipo milandu yambiri ya pakati pa anansi m'nyengo ya dzinja imayambira pamenepa. Pa njira yotere wanjinga amatsika n'kukankha, mayi wosenza ndowa amayenda cham'mbali atagwira mpanda, ndipo wodwala amanyamulidwa mpaka pamene galimoto ingathe kufika.

Boma la Kenneth Kaunda linazindikira kufunika kwa njinga m'chigawo cha Kum'mawa, koma linakuzindikira monga nkhani ya mafakitale. Potsatira mfundo za chuma zimene zinalengezedwa ku Mulungushi mu April 1968, boma linatenga gawo lalikulu m'makampani ndipo linayesa kumwaza mafakitale m'zigawo zonse: mabatire ku Mansa, tiyi ku Kawambwa, zinanazi ku Mwinilunga, magalasi ku Kapiri Mposhi, magalimoto ku Livingstone, ndipo njinga ku Chipata. Fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle, zakuda, zolemera ndi zolimba, zimene dzina lake lidakali pakamwa pa anthu a m'chigawochi. Fakitaleyo inalemba anthu ntchito ndipo inakhazikitsa mbiri ya Chipata monga tauni ya njinga, koma inagwira ntchito m'nyengo yovuta, mtengo wa kopa utagwa kuyambira mu 1975 ndipo ndalama zakunja zogulira zipangizo zikusowa. Chodabwitsa pa nyengo imeneyi n'chakuti boma limene linkapanga njinga silinasinthe kamangidwe ka misewu kuti njingazo zipeze poyenda, chifukwa mainjiniya ankaphunzitsidwa kuwerenga magalimoto podziwa kukula kwa msewu, ndipo njinga inkaonedwa monga chinthu chongodikirira nacho tsiku limene aliyense adzakhale ndi galimoto.

Tsikulo silinafike. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, kampani ya mabasi ya United Bus Company of Zambia inathetsedwa mu 1995, fakitale ya njinga ya ku Chipata inapita m'manja mwa amalonda, ndipo njinga zotsika mtengo zochokera ku India ndi ku China zinadzaza m'masitolo. Anthu ambiri atachotsedwa ntchito, njinga inasanduka ntchito payokha. Anyamata anayamba kunyamula anthu pa malipiro, ntchito imene kutsidya kwa malire ku Malawi imatchedwa kabaza, ndipo njinga ya ntchito imeneyi imadziwika ndi kaliyala wake wowotcherera ndi zitsulo zokhuthala, khushoni yokhalapo wokwera, popondapo mapazi ndi pogwira manja. Ogulitsa makala nawo amalimbitsa gudumu lakumbuyo ndi masipoko okhuthala kuti lipirire matumba osanjikizana kupitirira mutu wa mwini njinga, amene pa chitunda amatsika n'kukankha atawerama, dzanja lina pa handulo, lina pa thumba. Pozungulira onsewa pali okonza njinga, amene malo awo antchito ndi mthunzi wa mtengo wa mango pafupi ndi msika: beseni la madzi lomizamo chubu kuti thovu lisonyeze pamene paboola, zigamba zodulidwa ku chubu chakale, guluu, pampu ndi masipanala ochepa. Chuma chonsechi chinakula popanda pulani ya boma, monga momwe njira za mu komboni zinakulira, ndipo chimadyetsa mabanja ambiri ku Nabvutika.

Kayendetsedwe ka misewu m'dziko la Zambia kanasinthidwa ndi malamulo a mu 2002, amene anakhazikitsa Road Development Agency yomanga ndi kusamalira misewu, National Road Fund Agency yosunga ndalama za misewu, zina mwa izo zochokera ku msonkho wa mafuta a galimoto, ndi Road Transport and Safety Agency yoona za chitetezo. Dongosolo limeneli limasanja misewu m'magulu, kuyambira ikuluikulu yolumikiza maiko mpaka ya m'matauni ndi ya kumidzi, ndipo ndalama zimatsata gulu la msewu, kotero kuti njira ya mu komboni, imene ilibe nambala kapena dzina m'kaundula, imatsalira khonsolo, yomwe ndalama zake n'zochepa. Ntchito ya Link Zambia 8000, imene Pulezidenti Michael Sata anakhazikitsa mu 2012, inali yolumikiza maboma ndi misewu ya tala, ndipo inzake ya Pave Zambia 2000, yomwe inkafuna kuyala timiyala ta simenti m'misewu ya m'matauni pogwiritsa ntchito manja a anthu, inali yoyenera makomboni koma siinafike patali. M'zaka zomwezo njanji ya Chipata–Mchinji inatsegulidwa mu August 2010, ndipo Great East Road inamangidwanso kuchokera pa ulalo wa Luangwa mpaka pa malire a Mwami, mtunda wa makilomita pafupifupi 360, ndi thandizo la European Union, European Investment Bank ndi African Development Bank, monga gawo la njira ya malonda yopita ku doko la Nacala ku Mozambique. Pakati pa tauni msewu unakulitsidwa ndipo oyenda pansi ndi a njinga anapatsidwa malo awo m'mbali, chinthu chimene chinali chisanachitikepo pa mlingo wotere chiyambire 1899. Pa 24 February 2017 Pulezidenti Edgar Lungu analengeza Chipata kukhala mzinda.

Kupita patsogolo kumeneku n'koona, koma malire ake akuonekanso. Ulendo wa munthu wa ku Nabvutika suyambira pa msewu waukulu. Umayambira pakhomo pake, ndipo gawo lovuta kwambiri la ulendowo ndi limene lili pakati pa khomolo ndi tala. Ngakhale pa tala pomwepo, malo a oyenda pansi ndi a njinga amalandidwa mosavuta ndi magalimoto oimikidwa ndi ogulitsa malonda, ndipo msewu wosalala umachititsa oyendetsa kuthamanga pamalo pamene ana a sukulu amadumpha. M'zaka zaposachedwa njinga zamoto zachuluka kwambiri, zalanda makasitomala ambiri a njinga zakapalasa, ndipo zimalowa ndi liwiro m'tinjira ta mu komboni timene kale tinali ta oyenda pansi okha. Lipoti la World Health Organization la mu 2018 linapeza kuti mu Africa anthu 44 mwa 100 alionse ofa pa ngozi za pamsewu amakhala oyenda pansi kapena okwera njinga zakapalasa, chiwerengero choposa cha chigawo china chilichonse cha dziko lapansi. Mu 2019 boma la Zambia, mothandizidwa ndi UN Environment ndi bungwe la Institute for Transportation and Development Policy, linatulutsa ndondomeko ya kayendedwe kosagwiritsa ntchito injini, ndiko kuti kuyenda wapansi, pa njinga, pa wilibala ndi pa ngolo, ndipo mu February 2020 msonkhano wa maiko ku Stockholm unagwirizana kuti liwiro lisapitirire makilomita 30 pa ola kumene magalimoto amasakanikirana ndi anthu.

Zimene zingathandize tauni ya msinkhu wa Chipata zinayesedwa kale m'matauni ofanana nayo. Pakati pa 1995 ndi 1999 pulogalamu ya World Bank yoona za mtengatenga mu Africa inayesa njira zotsika mtengo zothandizira oyenda pansi ndi a njinga ku Morogoro ndi ku Temeke m'dziko la Tanzania, komanso ku Eldoret ndi ku Nairobi m'dziko la Kenya. Ku Morogoro, tauni ya njinga zambiri yomwe ilinso m'munsi mwa mapiri, zinthu zimene zinathandiza zinali zazing'ono: podumphira msewu pokwezedwa kuti galimoto ichepetse liwiro, tinjira ta oyenda pansi tolekanitsidwa ndi msewu, ndi timaulalo pa ngalande ndi timitsinje pamene anthu ankawoloka kale. Phunziro lalikulu la ntchitoyo linali lakuti malo oyenera kukonza amadziwika ndi anthu oyendamo tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti kuchepetsa liwiro la magalimoto kumateteza wanjinga koposa kumujambulira mzere pa tala.

Ku Nabvutika zimenezi zikutanthauza kuti ntchito iyenera kuyambira pa ngalande, chifukwa msewu uliwonse wothiridwa dothi kapena miyala popanda polowera madzi umatha ndi mvula yoyamba, ndipo ngalande yake iyenera kuyambira kumtunda, kumene madzi amasonkhana, mpaka kukafika ku mtsinje, osathera pakhomo pa munthu wina. Zikutanthauzanso kuti sikofunika kugwetsa nyumba kuti njira iliyonse ikhale ya magalimoto awiri: misewu yochepa yofikira ambulansi ndi galimoto yozimitsa moto ndi yokwanira, ndipo njira zina zonse zingayalidwe miyala, imene mapiri a Chipata ali nayo yambiri ndipo anthu a m'makomboni amaiswa kale pofuna ndalama, zikhale ndi makalavati powolokera, masitepe potsetsereka ndi kamsewu kosalala pambali pa masitepewo kokankhirapo njinga. Malamulo olola zimenezi alipo, pakuti Urban and Regional Planning Act ya mu 2015, imene inalowa m'malo mwa lamulo la mu 1974, imafuna kuti makomboni alowe m'mapulani a mzinda ndiponso kuti okhalamo afunsidwe. Ndalama nazo zinayandikira, popeza thumba la chitukuko cha dera la phungu, lotchedwa CDF, linakwezedwa mu bajeti ya 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo zofuna za anthu zimadzera m'makomiti a chitukuko a m'mawodi. Chotsalira n'chakuti makomiti amenewo ndi khonsolo alembe njira za mu komboni m'kaundula wa misewu ya mzinda, iliyonse ndi dzina lake ndi kutalika kwake, chifukwa m'kayendetsedwe ka misewu ka ku Zambia njira imene siinalembedwe siipatsidwa ndalama.